Kalulu wa m'nyimbo za kunja si yemwe uja wa m'nthano za agogo

Mayi aphunzitsi, mwalemba m'gulu muno kuti mukukonza phunziro la nyimbo la ana a sitandade 5, ndipo mwapeza pa intaneti mndandanda wa nyimbo zonena za kalulu kuchokera m'zamba zosiyanasiyana, kotero mukufuna kudziwa ngati zonsezo zili zoyenera ana komanso chifukwa chimene kanyama kameneka kamapezekera m'nyimbo zambiri chotere. Mwatsekera ndi mawu akuti kalulu adatuma njovu, ndiye ndavomera kutumidwako ndi mtima wonse, chifukwa nkhaniyi ndakhala ndikuiganizira kwa zaka zambiri. Yankho langa mwachidule ndi lakuti mndandandawo musautenge wonse monga ulili, pakuti nyimbo zambiri za kunja zimayimba za kalulu wosiyana kwambiri ndi amene ana anu akumudziwa, ndipo zina sizinena za kalulu n'komwe ngakhale dzina lake lili pamutu.

Poyamba tiyenera kumvana za nyamayo. M'Chichewa dzina ndi limodzi, koma nyama ndi ziwiri. Kalulu wathu wakutchire, wa makutu ataliatali ndi miyendo yam'mbuyo yamphamvu, sakumba una. Amabisala m'udzu, ndipo ana ake amabadwa ali ndi ubweya kale, maso ali otsekuka. Amene adapitako ku uzimba nthawi ya lupsa akudziwa momwe iye amakhalira duu mpaka galu atatsala pang'ono kumuponda, kenako n'kuvumbuluka, n'kumakhotakhota mwadzidzidzi mpaka galuyo kupitirira. Kalulu wa ku Ulaya, amene ali kholo la akalulu oweta m'makola athu, kwawo kwenikweni ndi ku Spain ndi Portugal. Amakumba mauna, amakhala m'magulu, ndipo ana ake amabadwa opanda ubweya, maso ali otseka. Nyimbo zambiri za ku Britain zimanena za wachiwiriyu, ndipo n'chifukwa chake mumamva za mauna ndi za kanyama kamantha kofunika kukamvera chisoni.

Komabe kusiyana kwakukulu kuli pa funso lakuti ndani akuyimba. Ndikukumbukira agogo anga aakazi, titakhala pabwalo mwezi ukuwala, mbatata zili pamoto, akuyamba kuti "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse." Ankakonda nthano ya chilala, pamene nyama zonse zidagwirizana kukumba chitsime koma Kalulu adakana, kenako n'kumabwera kudzatunga madzi atanyengerera alonda ndi uchi, mpaka adagwidwa ndi Kamba amene adadzipaka ulimbo pamsana. Ikafika nthawi ya nyimbo, agogo ankachepetsa mawu awo kuti amveke ngati a Kalulu mwini, ife n'kumathirira mang'ombe ndi kuomba m'manja. M'nthano zathu Kalulu ndiye mwini nyimbo, ndipo nyimboyo ndi chida chake chonyengerera, chonyozera kapena chodzipulumutsira. Ndimachita chidwi kuti anthu omwewo amene masana amamusaka ndi agalu ndi zibonga, usiku amamubwereka pakamwa pawo n'kumaseka Fisi ndi Njovu. M'nyimbo zambiri za kunja woyimba amaima patali, n'kumamuyang'ana kalulu monga ndiwo, monga kanthu kosowa mtengo wogwira, kapena monga chizindikiro cha chinthu china.

Pali nyimbo za kunja zimene zili pafupi ndi zathu, ndipo ndi zimene ndingakondwe mutayamba nazo. Izi ndi nyimbo za makolo za anthu akuda a kumwera kwa United States, zidzukulu za anthu amene adatengedwa ukapolo kuchokera ku Africa. Kumeneko kuli nthano za Br'er Rabbit, zimene Joel Chandler Harris adazisonkhanitsa n'kuzisindikiza mu 1880, ndipo ofufuza ambiri amagwirizana kuti mizu yake ili m'nthano za ku Africa. Ina mwa nthanozo imanena za kalulu womatidwa pa chidole cha phula, zimene zikufanana kwambiri ndi ulimbo wa Kamba uja. Nyimbo ya ana yotchedwa "John the Rabbit" imanena za kalulu wokonda kulowa m'dimba ndi kudya kabichi ndi mbatata za mwini, ndipo wotsogolera akayimba mzere umodzi, ana onse amavomera ndi mawu awiri okha, monga momwe timachitira ndi "Tili tonse." Ina ndi "Mister Rabbit," imene munthu amafunsa kalulu za makutu ake aatali ndi mtundu wa ubweya wake, kaluluyo n'kumayankha yekha. Apa kalulu ali ndi pakamwa, ndipo ana anu adzamuzindikira msanga.

Mukachoka pamenepo mukumana ndi kalulu wa mumphika. "Run, Rabbit, Run," yopekedwa ndi Noel Gay ndi Ralph Butler, idatchuka ku Britain mu 1939 itayimbidwa ndi Flanagan ndi Allen, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangoyamba kumene. Imauza kalulu kuti athawe chifukwa mlimi akubwera ndi mfuti, ndipo anthu ankaisintha mawu n'kuikamo dzina la Adolf Hitler pofuna kumunyoza. Kayimbidwe kake n'kosavuta ndipo ana angaikonde. M'chamba cha bluegrass, choyimbidwa ndi banjo ndi gitala kumapiri a kum'mawa kwa United States, muli "Rabbit in a Log," imene a Stanley Brothers ankaiyimba: munthu wapeza kalulu m'mphako ya chipika, galu alibe, ndiye akuganiza zomukoka ndi nthambi yaminga kuti usikuwo adye nyama. Mwana wakumudzi sangadabwe nayo, chifukwa ndi nyimbo ya munthu wosauka amene wapeza ndiwo.

Nyimbo imene imandikhudza kuposa zonse ndi "Bright Eyes," ndipo ndikupempha kuti muimvetsere nokha kaye musanaganize zopita nayo m'kalasi. Adaipeka ndi Mike Batt, n'kuyimbidwa ndi Art Garfunkel, ndipo idakonzedwera kanema wa zojambula wa 1978 wotchedwa Watership Down, wochokera m'buku la Richard Adams la 1972, lonena za gulu la akalulu lothawa kwawo kukafuna malo atsopano. Mu 1979 idakhala pa nambala 1 ku Britain kwa masabata 6, ndipo idagulidwa kuposa nyimbo ina iliyonse chaka chimenecho. Chodabwitsa n'chakuti dzina la kalulu silitchulidwa m'nyimbo yonseyo. Woyimba amangofunsa, ndi mawu ofewa ngati a munthu wokhala pa siwa, momwe maso amene ankawala angazimire chotere. M'kanemamo imamveka pamene mtsogoleri wa akaluluwo waomberedwa ndi mfuti ndipo mng'ono wake akumufunafuna. Anthu a ku Britain a nthawi imeneyo anali akukumbukirabe mliri wa myxomatosis umene udafika kwawo mu 1953 n'kupha pafupifupi akalulu onse akutchire, nthenda yotupitsa maso mpaka kalulu kukhala wakhungu, choncho kalulu wakufa sanali chinthu chachilendo m'maganizo mwawo. Ndi nyimbo ya maliro, ndipo m'kalasi mwanu mosakayikira muli ana amene adataya kholo kapena m'bale, kotero ngati mungaisankhe, muisankhe mukudziwa chimene mukutsekula m'mitima yawo.

Imene ndikukulangizani mosapita m'mbali kuti muichotse ndi "White Rabbit" ya gulu la Jefferson Airplane la ku San Francisco, ngakhale kuti pamindandanda yambiri ndiyo imakhala pamwamba. Adaipeka ndi Grace Slick ndipo idatuluka mu 1967 m'chimbale cha Surrealistic Pillow. Kalulu woyerayo ndi wa m'buku la Lewis Carroll la 1865 lonena za mtsikana Alice, amene adatsatira kalulu mpaka kugwera mu una n'kupezeka m'dziko lachilendo, momwe akadya kapena kumwa kanthu ankatalika kapena kufupika. Slick adatenga nthano ya anayo n'kuigwiritsa ntchito ponena za mankhwala ozunguza bongo amene achinyamata a nthawiyo ankamwa, ndipo ankadzudzula makolo amene amawerengera ana awo nthano zotere kenako n'kumadabwa anawo akayamba kufuna kulawa. Sindikukana kuti ndi nyimbo yopangidwa mwaluso. Ndi yaifupi, pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka, ilibe kolasi yobwerezabwereza, imayamba motsitsa ndi ng'oma yolira ngati ya asilikali, n'kumakwera pang'onopang'ono mosabwerera m'mbuyo mpaka kuphulika kumapeto, kamangidwe kamene adakatengera ku nyimbo yotchedwa Boléro ya Maurice Ravel. Ophunzira a kukoleji angaphunzirepo zambiri, koma kwa mwana wa zaka 10 mulibemo chomuthandiza.

Zina zingapo zili pamndandanda chifukwa cha dzina chabe. "Rabbit Run" ya Eminem ndi ya rap, yochokera m'kanema wa 2002 wotchedwa 8 Mile, momwe iye adasewera ngati mnyamata wa ku Detroit wodziwika ndi dzina lakuti B-Rabbit. Mulibe kalulu, muli mawu otukwana. "Rabbit" ya Chas ndi Dave ya 1980 imanena za mkazi wolongolola, chifukwa m'kayankhulidwe ka anthu a kum'mawa kwa London dzina la kalulu limatanthauzanso kulongolola. "Hound Dog" monga adaiyimbira Elvis Presley mu 1956 imangomutchula kalulu ponyoza galu wosagwira nyama.

M'malo mwa izi, ikanimo jazi. Mu 1940 gulu la Duke Ellington lidajambula "Cotton Tail," dzina la kalulu wa ku America wa kamchira koyera ngati thonje. Ilibe mawu, ndi zoyimbira zokhazokha, ndipo imathamanga kwambiri. Ben Webster akayamba kuliza saksofoni yake, amakhotakhota ndi kudumpha mofanana ndi kalulu uja wothawa agalu pa lupsa. Ndi nyimbo yabwino kuuza ana kuti atseke maso, amvetsere, kenako aliyense afotokoze pamene kalulu wavumbuluka, pamene wakhota ndi pamene wapulumuka. Mwa njira imeneyi adzaphunzira kuti nyimbo ingathe kusimba nkhani popanda liwu ndi limodzi lomwe, chimene oliza alimba ndi bangwe akwathu adachidziwa kalekale.

Musaiwale ku Japan, kumene kalulu ali ndi ulemu wake wosiyana. Anthu akumeneko akayang'ana mwezi wathunthu amaonamo kalulu akusinja mpunga mumtondo, ndipo ali ndi kanyimbo kakale ka ana kotchedwa "Usagi Usagi," kofunsa kalulu chimene akuona pamene akudumphadumpha, yankho lake n'kukhala mwezi wathunthuwo. Alinso ndi "Furusato" ya 1914, nyimbo ya munthu wolakalaka kwawo, imene imayamba ndi kukumbukira phiri limene ankathamangitsako akalulu ali mwana ndi mtsinje umene ankawedzamo nsomba. Abale athu a m'gulu muno amene ali ku Johannesburg kapena ku London akaimva ndi kuuzidwa tanthauzo lake, ndikhulupirira kuti sadzafuna wina wowamasulira chimene woyimbayo akumva mumtima.

Ndikanakhala ine wokonza phunziroli, ndikanatenga "John the Rabbit," "Run, Rabbit, Run," "Cotton Tail" ndi "Usagi Usagi," koma ndikanaziika pambuyo pa ntchito ina yofunika kwambiri. Sabata imodzi phunziro lisanafike, tumani mwana aliyense kuti akafunse agogo ake, azakhali kapena wamkulu aliyense wapamudzi nthano ya Kalulu imene ili ndi nyimbo, ndipo akaiphunzire pamodzi ndi mawu ovomera. Mudzaona kuti nthano ya chitsime yokha idzabwera ndi nyimbo zosiyana kuchokera kwa mwana wa ku Dowa, wa ku Ntcheu ndi wa ku Mulanje, chifukwa dera lililonse lili ndi kayimbidwe kake, ndipo zambiri mwa nyimbo zimenezi simungazipeze pa intaneti. Anawo akayimba, muwajambule mawu pa foni mutapempha chilolezo kwa makolo, mulembe dera limene nyimbo iliyonse yachokera, ndipo ngati n'kotheka mudzatitumizireko zingapo m'gulu muno kuti tizimve ndi kuyerekeza ndi za kwathu.