Abusa amafika filimu ikutha: yankho kwa mayi wodandaula ndi mafilimu a ku Nigeria

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo nkhani yake mwachidule ndi iyi. Ana awo atatu sachoka pa kanema, ndipo zomwe amakonda ndi mafilimu a ku Nigeria, aja odzaza asing'anga, nyanga, mizukwa ndi anthu okhwimira chuma. Mayiwo akufuna kuwaletsa. Bambo a kunyumba akuti anawo asiyidwe, mafilimuwo ndi achikhristu, poti pomaliza abusa ndiwo amapambana ndipo pamalembedwa mawu opereka ulemerero kwa Mulungu. Ndiye akufunsa kuti akulondola ndani.

Mayi, bambowo sakunama, Chikhristu chilimodi. Koma ine ndili mbali yanu, ngakhale chifukwa changa chikusiyana ndi chanu.

Filimu imene anthu ambiri amati ndiyo inatsegula njira ndi Living in Bondage ya mu 1992. Anaikonza ndi Kenneth Nnebue, munthu wamalonda wa ku Lagos, m'chilankhulo cha Igbo, n'kuigulitsa pa matepi a VHS. Ndi nkhani ya mwamuna amene walowa gulu lachinsinsi n'kupereka mkazi wake ngati chizimba kuti alemere. Chuma chikubweradi, koma mzimu wa mkaziyo sukumupatsa mpata mpaka akupenga, ndipo omupulumutsa ndi akhristu obadwanso mwatsopano. Mukaonetsetsa, mafilimu ambiri amene ana anu akuonera lero akungobwereza njira yomweyo.

Nanga inagwira mtima chifukwa chiyani? Mu 1986 boma la Nigeria, lotsogozedwa ndi Ibrahim Babangida, linayamba ndondomeko yokhwimitsa chuma, ndalama ya naira n'kugwa. Mphunzitsi ndi kalaliki wa boma malipiro awo anasanduka a masiku ochepa, pomwe anyamata ena osadziwika ntchito yawo amamanga nyumba zosanja. Ena mwa iwo anali akathyali aja otchedwa 419. Aliyense anali ndi funso limodzi: ndalamazi akuzitenga kuti? Filimu inayankha kuti akukhwima. Ndipo sikuti mantha ake anali ongopeka: mu 1996 mumzinda wa Owerri anthu anachita zipolowe n'kutentha nyumba ndi mabizinesi a anthu olemera, munthu wina atapezeka ndi mutu wa mnyamata wamng'ono.

Nthawi yomweyo mipingo ya chipentekosite inali kukula modabwitsa. Tchalitchi chimene mlaliki David Oyedepo anatsegula ku Ota, pafupi ndi Lagos, mu 1999 chimalowa anthu 50,000. Amishoni akale ambiri ankati ufiti ndi zikhulupiriro chabe, zisiyeni. Mipingo yatsopanoyi inati ayi, ufiti ulipo, ziwanda zilipo, koma Yesu ndi wamphamvu kuziposa. Uthenga woterewu ndi wokoma kuujambula chifukwa muli nkhondo. Ena anafika popanga mafilimu ngati ulaliki weniweni, monga a Mount Zion Faith Ministries a Mike Bamiloye, omwe anayamba mu 1985.

Apa ndi pomwe ine ndi bambo a kunyumba tikusiyana. Chikhulupiriro n'chovuta kuchionetsa pa kanema. Munthu wokhululukira m'bale wake, mayi wodwazika matenda chaka chathunthu osatopa, ameneyo kamera imutani? Koma munthu wosanduka njoka, maso otulutsa moto, mwambo wa pakati pa usiku wa nsalu zofiira, izi ndiye zimagulitsa. Choncho filimu ya maola awiri, mdima umatenga pafupifupi nthawi yonse, abusa n'kufika itatsala pang'ono kutha, Baibulo m'manja, kufuula kangapo, mfiti n'kugwa. Zili ngati kuthira kamchere mu ndiwo zoti zapserera kale. Mwana akamakagona sakumbukira pemphero lija. Amakumbukira nkhope ya mfitiyo.

Ndiye taonani kuti mfitiyo imakhala ndani. Kawirikawiri ndi agogo a kumudzi, apongozi aakazi, mkazi wachiwiri wa bambo, mtsikana wantchito, kapena mwana wamasiye amene wangobwera kudzakhala pakhomo. Inu mukuopa kuti ana anu aphunzira ufiti. Ine sindikuopa zimenezo. Ndikuopa kuti aphunzira woti azimukayikira zinthu zikavuta.

Ku Nigeria komweko nkhani imeneyi inavutapo. Mu 1999 mlaliki Helen Ukpabio anatulutsa filimu yotchedwa End of the Wicked, yoonetsa ana akulowa ufiti n'kumadya anthu. Omenyera ufulu wa ana anadzudzula kwambiri filimuyi ponena kuti inakolezera mchitidwe wotchula ana kuti ndi afiti, ngakhale mwiniwake amakana. Chomwe sichikanika n'chakuti m'chigawo cha Akwa Ibom ana ambiri anathamangitsidwa m'makomo ndi kuzunzidwa, mpaka mu 2008 boma la chigawocho linakhazikitsa lamulo loletsa kutchula mwana kuti ndi mfiti. Kwathu kuno lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsanso kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Sindikunena kuti filimu ndiyo inawapha, maganizowo tinali nawo kale matepi asanabwere. Koma filimu imawadyetsa tsiku ndi tsiku, n'kuwavekanso chovala cha mpingo kuti azioneka oyera.

Chinanso chimandinyansa, ngakhale n'chaching'ono: m'mafilimu amenewa sing'anga aliyense ndi wakupha. Wodziwa mizu ya m'mimba kapena ya chifuwa mulibe.

Tsono muchite bwanji? Kuletsa kokhako sikupita patali. Foni ya mnzawo ilipo, vidiyo sho ya pamsika ilipo, ndipo kumeneko aonera opanda wamkulu. Komanso si filimu iliyonse ya ku Nigeria ili chonchi. Masiku ano kuli ambiri a nthabwala, a chikondi, a ndale. Amenewo asiyeni aonere.

Aja a kukhwima ndi ufiti, ana osakwana zaka khumi ine sindingawalole, makamaka usiku. Akuluakuluwo khalani nawo pansi, inu ndi bambo awo, muonere limodzi. Ikatha muwafunse mafunso wamba: mfiti anali ndani, ndipo anamudziwa bwanji? Akanakhala agogo anu, umboni umenewo ukanakwana? Mwana uja anadwala, anapita naye kuchipatala? Poti bambowo akuti filimuyo ndi yachikhristu, funso lomaliza likhale lawo: awafotokozere anawo chomwe abusa a mufilimuyo aphunzitsa, kupatula kufuula. Mudzandilembere zomwe adzayankhe.