Sukulu ikatsekera ku England, wophikira ana adya chiyani?

Mayi wina wa ku Leeds wandilembera imelo. Amaphikira ana pasukulu ya pulayimale, ntchito anaipeza kudzera kwa ejenti, ndipo sukulu ikatsekera kumapeto kwa Julayi malipiro amaima mpaka Seputembala. Akufunsa ngati angapemphe Income Support, ndalama ya boma yothandizira opeza zochepa, kuti lendi ya Ogasiti ilipidwe.

Achemwali, dzina limenelo liiwaleni. Income Support sakulembanso anthu atsopano, m'malo mwake munalowa Universal Credit. Koma musanadine chilichonse pa GOV.UK, tsegulani kaye eVisa yanu, chilolezo cha pa intaneti chokhalira ku Britain. Ngati ikusonyeza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma ("no recourse to public funds"), Universal Credit musaiyandikire, ingakuonongereni mapepala pamene mudzafune kuwonjezera nthawi. Pamagulu a WhatsApp anthu amalimbikitsana kuti aliyense akulandira. Aliyenseyo mapepala ake si anu.

Ngati mapepala anu akulola, lembetsani mwachangu, chifukwa ndalama yoyamba imatenga pafupifupi masabata 5, pomwe holide yonse ndi masabata 6. Ikayamba, amawerengera mwezi ndi mwezi, malipiro akatsika iyo imakwera.

Palinso New Style Jobseeker's Allowance, ndalama ya anthu ofunafuna ntchito. Iyi siiwerengedwa ngati public funds chifukwa imachokera pa National Insurance, ndalama yomwe mwakhala mukudulidwa pa malipiro anu. Imafuna kuti mukhale mutadulidwa mokwanira m'zaka ziwiri za msonkho zapitazi, ndipo imaperekedwa kwa masiku osapitirira 182. Vuto lake ndi loti ngati kontrakiti yanu ikupitirira, a Jobcentre, ofesi ya boma yoona za ofuna ntchito, atha kunena kuti ntchito muli nayo, mwangopuma.

Koma chomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi payslip. Wantchito aliyense ku Britain ali ndi ufulu wa tchuthi cholipidwa, ngakhale wa ejenti. Kuyambira Epulo 2024, lamulo likulola kuti amene amagwira gawo chabe la chaka aziwonjezeredwa 12.07% pa malipiro aliwonse ngati ndalama ya tchuthi, ndipo iyenera kuoneka pamzere wakewake. Pa £1,000 iliyonse, imeneyo ndi £120.70. Mnzanga wina, naye wa kukhitchini, anatha chaka chonse akuyesa kuti ndi ovataimu. Ankaitumiza kumudzi mwezi uliwonse ya feteleza ndi fizi ya mwana wa mlamu wake, Ogasiti atafika n'kukhala wogwira m'mutu. Sindinamuseke, ndalama ikalowa mu akaunti siinena kuti ine ndine wa holide.

Ndiye tengani mapayslip atatu omaliza. Mzerewo ukapezeka, muziisungira payokha kuyambira teremu ikubwerayi. Ukasowa, lemberani ejentiyo imelo, osati foni, muwafunse masiku a tchuthi amene mwasonkhanitsa komanso tsiku lomwe akulipirani. Akayamba kuzemba, imbirani Acas, bungwe lolangiza pa nkhani zapantchito, kapena pitani ku Citizens Advice, komwe amalangiza anthu za ufulu wawo, onsewa ndi aulere, mutanyamula kontrakiti ndi mapayslip aja.