Za kusintha magiya a transfer box pa Defender

Achimwene, mwafunsa ngati mungasinthe transfer box (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) poti Land Rover Defender yanu ya injini ya Tdi imalira kwambiri mukamathamanga pa M1 kuchoka ku Kasungu kupita ku Lilongwe. Eee zimatheka ndithu. Bokosi lake ndi LT230, pa Defender nthawi zambiri high range (magiya othamangira pamsewu) imakhala 1.410, ndiye anthu amaikapo ya Land Rover Discovery ya 1.222. Kuzungulira kwa injini kumatsika pafupifupi 13 peresenti, phokoso limachepa, mutha kucheza ndi mayi akunyumba osachita kukuwa. Low range (magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono) simasintha, ikhalabe 3.32, ndiye m'matope nthawi ya dzinja musadandaule.

Koma vuto ndi ili, inuyo mumanyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma eti? Ikadzaza chonchi pachitunda giya 5 imafooka, muzingobwerera ku 4 pafupipafupi, ndipo poyambira mumaotcha klatchi. Ine yanga ndinaikapo 1.222 matayala ali akuluakulu kale, aaa inasanduka ngolo ya ng'ombe, mpaka ndinabwezera magiya akale.

Onani kaye sayizi ya matayala anuwo, ndipo bokosi lakalelo musagulitse, lisungeni.