Nkhuku zanga zikuzizidwa, nditseke khola lonse?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi nkhuku 9 kuseri kwa nyumba. Kwathu sikuzizira mpaka madzi kuuma ayi koma usiku chisanu chimalowa ndithu, nde ndakuta khola lonse ndi pulasitiki ndipo ndikufuna ndiikemo babu yotenthetsa. Mazira nawo achepa. Ndikulakwitsa penapake? Ndine mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, pulasitikiyo kaichotseni chakumtundako lero lomwe. Nkhuku yaikulu thupi lake limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo mukaiona yafufuma nthenga ngati mpira musaope, ikusunga mpweya wofunda pakhungu, bulangete lake ndi lomwelo. Kuzizira kwa kwanuko imakupirira bwinobwino.

Chimene chimadwalitsa nkhuku ndi chinyezi. Zikamapuma usiku onse mkhola lotseka, kuphatikiza zitosi zonyowa zija, nthunzi ilibe kotulukira nde pansi pamanyowa, amoniya, mpweya wonunkha wa mzitosi, amakwera nkumawotcha maso ndi njira yopumira, kenako mumva zikuyetsemula ndi kukhosomola inu nkumati ndi chisanu. Mawa mmamawa musanazitsekulire lowani muwerame mpaka mutu ufike pomwe zimagona. Maso akalasa kapena mukaona madontho pa pulasitiki, dziwani kuti mpweya sukuyenda. Tsekani mbali yomwe mphepo imaombera, pamsinkhu wa nkhukuzo basi, mmwamba pafupi ndi denga musiye mpata wa waya.

Pansi thirani utuchi wouma wokhuthala, pakanyowa paja pali chomwera chotsani msanga. Muikenso thabwa lopingasa lotakata pang'ono, zizigona mmwamba mothithikana zitafundika zala ndi nthenga za pamimba.

Babuyo ine sindikulimbikitsani olo pang'ono, ikagwera pa utuchi khola lapsa. Isungireni anapiye, amenewo ndiye amafunadi kutentha, madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, nkumachepetsa pang'onopang'ono mpaka nthenga zitakwana cha pa masabata 6.

Za mazira musavutike mtima. Thadzi limaikira bwino likamaona kuwala maola 14 kapena kuposa patsiku, nde dzuwa likamalowa msanga limachepetsa, makamaka ngati likusintha nthenga. Zipatseni chakudya chokwanira chifukwa kukazizira zimadya kwambiri, zigone zitakhuta, madzi asasowe. Koma nkhuku ina ikakhala yokha pakona, yafufuma tsiku lonse ndipo sikudya, imeneyo ikudwala, ipatuleni muitane alangizi a ziweto.