Chipale kuno kulibe, nanga mwana akaphunzirenji ku Canada?

Mayi wina walemba kuti mwana wake wamkazi, amene anamaliza digiri ya sayansi ya zamadzi, wapeza malo a Masters ku University of Saskatchewan. Akafufuza za chipale chofewa chimene chimatsakamira m'mitengo. Amalume ake akuti n'kutaya nthawi, poti kuno chipale kulibe.

Mayi, ine ndikuti mulekeni apite. Koma tiyambe tamvetsa chimene akukachita.

M'nkhalango za kumpoto kwa Canada, mitengo ya paini ndi spruce siyoyola masamba m'nyengo yozizira. Chipale chikagwa, chambiri chimakhala panthambi kwa masiku kapena milungu osafika pansi. Mphepo youma ikamawomba, dzuwa n'kuwala, china chimasanduka nthunzi osayamba chasungunuka, monga zimaumira zovala zimene zaundana pachingwe. M'nkhalango zothinana, gawo limodzi mwa magawo atatu a chipale cha chaka chonse limatha kubwerera kumwamba motero. Amenewo ndi madzi amene mitsinje siidzawaona.

Mmene amayezera zimandisangalatsa kwambiri. Amadula mtengo wathunthu n'kuupachika pasikelo pakati pa nkhalango. Chipale chikagwa, mtengowo umalemera. Chikamauluka kapena kuthothoka, umapepuka, ndipo makina amalemba usana ndi usiku. Ndi miyezo yotere imene akatswiri awiri a sayansi ya zamadzi, Hedstrom ndi John Pomeroy, anagwiritsa ntchito polemba masamu awo mu 1998, oti munthu akadziwa kuthinana kwa masamba, kuzizira kwa mpweya ndi kuchuluka kwa chipale, awerengere chimene chitsale m'mitengo. Ntchito ya mwana wanu ikhala kuika masamu ngati amenewa mu kompyuta, kuwayerekeza ndi miyezo ya kunkhalango, n'kukonza pamene akuphonya.

Apa ndi pamene amalume sanaonepo bwino. Chimene adzabwere nacho si chipale ayi, ndi luso lotsata madzi kuchokera kumtambo mpaka kumtsinje. Paini wa ku Chikangawa ndi wa paphiri la Zomba nayenso amagwira mvula m'masamba, ina n'kuuma isanakhudze dothi. Wodziwa kuwerengera zimenezi ndi yemweyo amene angalosere kuchuluka kwa madzi a mu Shire, amene amatembenuza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Asananyamuke, afunse mphunzitsi amene adzamuyang'anire mafunso awiri, ndipo mayankho akhale olembedwa. Ndalama zimene azilandira zikwanira fizi, lendi ndi chakudya kwa zaka ziwiri zonse? Nanga ntchito yakutchire ndi yochuluka bwanji? Ku Saskatoon, mzinda umene kuli yunivesiteyo, kumazizira mpaka madigiri 30 pansi pa ziro, ndiye jekete ndi nsapato zakumeneko zilowe mu bajeti.

Pamiyezi imene yatsalayi, asangokhala. Akumbutsire fizikisi ndi masamu, ndipo aphunzire Python kapena R, zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta, madzulo aliwonse, ngakhale ola limodzi.