Pamjigo pathu amake Chisomo alipo anayi

Mayi wina wa ku Salima, amene akuyembekezera mwana wake wachisamba, wandilembera pa imelo. Akuti amuna ake ndi apongozi ake agwirizana kuti mwanayo adzakhale Chisomo, koma iye akuona kuti dzinali lafala kwambiri, ndipo ali ndi lina lachilendo limene analipeza pa intaneti, loti kwawo sanamvepo munthu akuitanidwa nalo. Akufunsa kuti chabwino n'chiti, dzina lofala kapena losowa.

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo ndachedwa kuyankha chifukwa mwandiponda pachilonda. Ine dzina langa la paubwana ndi Ndaziona. Ndinabadwira kufupi ndi Linga, kuno ku Nkhotakota, ndili wachitatu m'mimba mwa mayi anga koma woyamba kufika poyenda, pakuti awiri amene ananditsogolera anabwerera asanamere mano. M'mudzi munalankhulidwa zambiri, ena ankaloza zala kuchimuna, ena kuchikazi, mpaka ankhoswe anakhalirapo pansi kawiri. Mchombo wanga utagwa, tsiku limene mayi anatuluka nane m'chikuta, agogo anga aakazi anandilandira m'manja n'kunena kuti uyu ndi Ndaziona. Palibe amene anafunsa tanthauzo lake, chifukwa onse amene analipo ankadziwa zimene agogowo anaziona.

Amene sankadziwa anali anzanga a kusukulu. Mphunzitsi akamaitana mayina m'mawa, akangofika pa ine, anyamata okhala kumbuyo ankayankha chapansipansi kuti, "Waona chiyani?" ndipo kalasi yonse inkafa ndi phwete. Nthabwala yake inali yomweyo tsiku ndi tsiku, kuyambira sitandade 2 mpaka sitandade 7, koma siinkawatopetsa. Ine ndinali mwana wamanyazi, moti ndinkakhala chiweramire, kupempha mumtima kuti mphunzitsi alumphe mzere wanga. Choncho nthawi ya ubatizo itakwana ndinadzisankhira dzina loti Grace, chifukwa ndinkafuna dzina losafunsidwa mafunso, loti likatchulidwa mutu wa munthu usatembenuke. Polembetsa mayeso a sitandade 8 ndinapereka lomwelo popanda kuuza aliyense kunyumba, ndipo ndinaganiza kuti Ndaziona ndamukwirira.

Nditafika ku sekondale yogonera komweko ndinapeza kuti m'chipinda chathu chogona tinalimo a Grace anayi. Anzathu sanavutike nafe, anangotigawira mayina owonjezera: wina anali Grace wamtali, wina Grace woimba, wina Grace wa a pasitala, ndipo ine, atamva kumene ndinkachokera, ndinakhala Grace wa kondowole kwa zaka zinayi zathunthu. Ndinathawa dzina losowa chifukwa cha chipongwe, n'kukapeza chipongwe china chikundidikira pa dzina lofala. Mavuto ena anadzabwera mochedwa. M'chaka cha 2017, pamene boma linkalemba anthu m'kaundula kuti alandire ziphaso za unzika, ndinazindikira kuti ndine anthu awiri: kwa amfumu ndi m'mapepala akale ndinali Ndaziona, pa masatifiketi a sukulu ndinali Grace. Ndinayenda maulendo angapo ndi makalata ochitira umboni kuti awiriwa ndi munthu mmodzi, ndipo sindingaimbe mlandu wina aliyense, popeza amene anasokoneza zinthu ndinali ine mwini ndili ndi zaka 13.

Agogo ndinawafunsa mochedwa, ndili kale pa ntchito ya uphunzitsi. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa choti akaviike, ndipo ndinawafunsa mosapita m'mbali chifukwa chimene anandisenzetsera dzina lotere. Anakhala chete nthawi yaitali, mpeni ukuyendabe, kenaka anati, "Dzina lija silinali lako, mwana wanga, linali langa. Ndinalibe pena poliika." Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti apepese. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumva mayina mwa njira ina. Ndikamva Mavuto, Masautso, Tsoka kapena Maliro, ndimadziwa kuti kumbuyo kwake kuli munthu wamkulu amene anali ndi mawu pakhosi, ndipo mwana wakhanda ndiye anakhala kalata yake. Ena ankatero pofuna kunyenga imfa, kuti ikamva dzina loipa iganize kuti mwanayu safunidwa n'kumulambalala. Ena ankatumiza uthenga kwa mkazi mnzawo wa pamitala kapena kwa apongozi. Ndimawamvetsa onsewa, koma sindigwirizana nawo, chifukwa mkangano umatha, amene ankakanganawo amamwalira, koma mwana amayendabe ndi dzinalo mpaka imvi.

Chisoni chomwecho chingathe kubala dzina loyang'ana kutsogolo. Mbiri ya a Lazarus Chakwera imati abale awo awiri amene anabadwa iwo asanabadwe anamwalira ali makanda, ndipo bambo awo anawatcha Lazarus posonyeza chikhulupiriro chakuti uyu yekha akhala ndi moyo. Dzina la Kamuzu nalo ndi kamuzu ka mankhwala kamene mayi awo anamwa kuti aone mwana, ndipo la Hastings analitenga pambuyo pake, kwa mmishonale wa ku Scotland. Taonani kuti dziko lonse linagwira la Kamuzu, lomwe linali ndi nkhani yake, mpaka lero pa Salima pomwepo mumakwera basi pa Kamuzu Road.

Tsono apa ndilankhula mosabisa, ndipo mundikhululukire ngati ndikhadzula. Mayina achilendo amene akutoledwa pa intaneti masiku ano ndimawaona kuti ndi matenda omwe aja a agogo anga, kungoti avala zovala zatsopano. Agogo ankafuna kuti mudzi udziwe kuti avutika, ife tikufuna kuti mudzi udziwe kuti ndife otsogola, koma konsekonse amene akulankhula ndi kholo, ndipo mwana wangokhala chikwangwani. Ndikunena izi monga munthu amene waitana mayina m'kalasi kwa zaka zoposa 20. Dzina limene mukuliyesa losowa si losowa ayi, chifukwa foni imene munalionapo ili m'manja mwa amayi ena ambirimbiri oyembekezera, ndipo onsewo akuonera masewero omwewo a pa kanema, amuna awo akutsata osewera mpira omwewo a ku England. Barack Obama atapambana chisankho cha ku America mu 2008, panapita zaka zochepa ndipo m'makalasi athu a ana aang'ono munayamba kupezeka a Obama. Makolo awo aliyense ankaganiza kuti waganiza yekha. Lero anyamatawo ndi akuluakulu, ndipo dzina lawo limangoulula chaka chimene anabadwa.

Sindikuloza ena okha. Ine amene ndinavutika ndi dzina, nditabereka mwana wanga woyamba, ndinamutcha Beverly, dzina limene ndinaliona m'magazini ina ndi kulikonda chifukwa cha maonekedwe ake papepala. Tanthauzo lake sindinkalidziwa, ndipo sindinafunse. Mayi anga analiyesa koyamba n'kutuluka Bevale, kachiwiri Bebele, kachitatu anangoti, "Bwera kuno, Naphiri," ndipo nkhani inathera pomwepo. Lilime lathu lili ndi malamulo ake amene safunsa chilolezo kwa munthu: mawu athu amathera pa lembo la liwu, zilembo zina zikaunjikana timaziyika mpata pakati, ndipo l ndi r kwa ife ndi pachibale. N'chifukwa chake Gift amakhala Gifiti, Bright amakhala Bulaiti, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika ndi kupatsa mwana dzina limene agogo ake akuopa kulitchula pagulu kuti angasekedwe. Mwana wangayo kunyumba ndi Naphiri mpaka lero. Beverly amakhala m'mapepala mokha, ndipo m'menemo analembedwa m'njira zitatu zosiyana, chifukwa aliyense wolemba ankalemba zimene khutu lake lamva. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Wina angati ndikudana ndi mayina akunja, koma munthu wa ku Nkhotakota sangatero popanda kudzitsutsa. Kuno mayina akhala akubwera pamadzi kuyambira kalekale. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, Chiswahili ndi Chisilamu zinazika mizu, ndipo ndi mmene tinapezera a Saidi, a Yusufu, a Mariamu ndi a Asiyatu amene ndimakhala nawo moyandikana, omwe ambiri amatcha mwana dzina pa tsiku lachisanu ndi chiwiri monga mwa chipembedzo chawo. Amishoni a Anglican atabwera m'zaka za m'ma 1890 anadza ndi awo, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa konkuno. Mayina onsewo anali achilendo tsiku loyamba. Koma anadutsa m'kamwa mwa anthu kwa zaka zoposa 100 mpaka anasalala ngati mwala wa m'mbali mwa nyanja, Joseph n'kukhala Yosefe, Mary n'kukhala Mariya, ndipo mukafunsa mwini wake angakuuzeni kuti dzinalo linali la yani ndipo anachita chiyani. Limene ndikulikana ndi dzina loti mwana akadzakufunsani ali ndi zaka 10 kuti, "Amayi, dzina langa limatanthauza chiyani?" inu mudzayambe kufufuza pa foni.

Nanga Chisomo walakwanji?

Pali chinthu chimodzi chimene simunachitchule m'kalata yanu, ndipo ndikuganiza kuti simunachiganizire. Dzina la mwana wachisamba silikhala lake yekha, limasanduka lanu. Kuyambira tsiku lotuluka m'chipatala, dzina lanu la pautsikana liyamba kuzilala, ndipo kumjigo, kuchigayo, kutchalitchi ndi pamaliro mudzakhala amake uje, amuna anu n'kukhala bambo a uje, mpaka kukalamba. Pamjigo pathu amake Chisomo alipo anayi, ndipo timawasiyanitsa mosavuta: wa kuseri kwa chigayo, wogulitsa usipa, wa kumpanda wa bango, ndi wamng'ono. Sindinaonepo mmodzi wa iwo akudandaula. Ine amene ndinafuna kukhala wosiyana ndi onse ndakhala amake Bevale kwa zaka 19, ndipo alendo akamva amafunsa ngati limeneli ndi dzina la munthu kapena la mankhwala.

Zovuta za dzina lofala zilipo, sindikana. M'kalasi ndimakakamizika kuitana dzina ndi la bambo lomwe, ndipo ana awiri akafanana onse awiri, monga zimachitikira kawirikawiri ndi a Banda ndi a Phiri, pamafunika kusamala polemba malikisi kuti wina asakolole pamene sanalime. Potumiza ndalama pa foni munthu amayenera kuyang'ana nambala kawiri, chifukwa dzina lokha silikutsimikizira kanthu. Koma izi ndi zazing'ono poyerekeza ndi mwana amene chaka chilichonse, tsiku loyamba la sukulu, amayenera kuphunzitsa mphunzitsi wake katchulidwe ka dzina lake anzake akuseka. Chisomo, Chikondi, Madalitso, Mphatso ndi Thokozani anafala chifukwa ndi okoma m'kamwa, amamveka kwa wamng'ono ndi wamkulu, amakwana mnyamata ndi mtsikana yemwe, ndipo mwana sangachite nawo manyazi paliponse.

Ngati mtima wanu ukufunitsitsa dzina losowa, ndikuuzeni kumene lili. Lero mayina osowa kwenikweni ndi athu omwe, amene tinawasiya m'kamwa mwa agogo pothamangira akunja. M'kaundula wa kalasi yanga chaka chino mulibe Sungeni, mulibe Tiyanjane, mulibe Mtisunge, mulibe Fatsani kapena Ulemu, pamene mayina a m'masewero a pa kanema akubwerezedwa. A Bingu wa Mutharika anabadwa ali Brightson Webster Ryson Thom, ndipo atakula anasiya mayina onsewo n'kutenga la kwawo. Kupatula nyumba imodzi kapena ziwiri zimene zinatengera pambuyo pake, Bingu wina munamumva kuti?

Yankho langa ndi ili. Pa mwana woyamba musalimbane ndi apongozi, chifukwa m'mabanja ambiri mwayi wotcha wachisamba umaperekedwa kuchimuna, ndipo mkangano wa dzina umakhalitsa kuposa chikuta. Landirani Chisomo, ndipo inu mupemphe kuika lachiwiri. La pa intanetilo mulifufuze tanthauzo, kenaka mukalitchule kamodzi kokha kwa munthu wamkulu kwambiri wa kwanu, n'kumupempha kuti aliitane mokweza ngati akuitana mwana amene ali kutali kunyanja. Likatuluka lathunthu, lisungeni. Likatuluka lopunduka, afunseni agogo omwewo mayina a azakhali ndi a amayi awo, mulembe onse, musiye a madandaulo. Mukagwirizana, lembani mayina awiriwo papepala ndi zilembo zazikulu mimba isanawawe, ndipo pepalalo muliike m'chikwama cha kuchipatala pamodzi ndi zitenje, kuti wolemba akakopere m'malo momvera ndi khutu. Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe milungu 6 chibadwire, ndipo mmene dzina lalembedwera pa chiphaso cha kubadwa ndi mmene liyenera kulembedwera pa kabuku ka kusikelo, kusukulu ndi pa mayeso a boma, popanda kusintha ngakhale chilembo chimodzi.

Mukachira mundilemberenso, mundiuze kuti agogo anatchula chiyani.