Musanagule rauta ina ya shopu yanu ku Ulongué

Mayi, mwafunsa ngati ndi bwino kugula rauta (kabokosi kogawa intaneti ku makompyuta ndi mafoni) yodula ya tinyanga tinayi, imene wogulitsa wina mumzinda wa Tete wakuuzani kuti idzathetsa kuchedwa kwa intaneti pa shopu yanu ya fotokope ndi kutaipa, komanso mmene mungalumikizire makompyuta anayi, printa imodzi ndi chipinda chakuseri chimene chili pa mtunda wa mamita 40. Malangizo anga ndi akuti ndalamazo muzisunge kaye, chifukwa mwafunsa nkhani ziwiri zosiyana, ndipo rauta imeneyo ikukhudza imodzi yokha.

Nkhani yoyamba ndi ya intaneti imene imafika pakhomo panu. Imachokera pa nsanja ya kampani ya mafoni, ndipo nsanjayo imalumikizana ndi zingwe za fibre zopita kunyanja, kumene zimakumana ndi zingwe za pansi pa madzi monga SEACOM, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy cha mu 2010, zonse ziwiri zotulukira ku Maputo. Nkhani yachiwiri ndi netiweki ya m'kati mwa shopu, imene imagawa intanetiyo ndi kulola makompyuta anu kutumiza mapepala ku printa. Ngati nsanja ikukupatsani zochepa, rauta yamtengo uliwonse idzangogawa zochepazo, pakuti kugula ndowa yaikulu sikuwonjezera madzi m'chitsime.

Choncho yambani ndi kuyeza. Bwerekani makhadi a SIM a Movitel, Vodacom ndi Tmcel, muwaike mosinthana m'foni imodzi yomweyo imene imagwira 4G, ndipo muime pamalo penipeni pamene mukufuna kuika rauta. Yezani liwiro ndi pulogalamu ya Speedtest m'mawa, kenako mubwereze madzulo cha m'ma 7 koloko pamene anthu ambiri ali pa mafoni awo, chifukwa nsanja imodzi imagawira onse amene alumikizana nayo nthawi imeneyo. Timizere timene timaoneka pamwamba pa foni musatikhulupirire kwambiri: timangosonyeza mphamvu ya mafunde ochokera ku nsanja, osati kuchuluka kwa anthu amene mukulimbirana nawo. Liwiro limalembedwa mu Mbps, kutanthauza ma megabit pa sekondi, ndipo ma megabit 8 ndiwo amapanga megabyte imodzi, kotero kuti ndi 8 Mbps fayilo ya 60 MB imatenga pafupifupi mphindi imodzi kuti ifike. Mulembenso nambala yachiwiri ya upload, yosonyeza liwiro lotumizira zinthu, imene anthu ambiri saisamala, popeza ntchito yanu yambiri ndi yotumiza zikalata za makasitomala zimene mwajambula pa makina a sikana. Anzathu a kufupi ndi malire, monga ku Calómuè ndi ku Zóbuè, asankhe netiweki ndi manja poyeza, kuopa kuti foni ingadumphire ku nsanja za ku Malawi.

Mukadziwa kampani imene ikukwanira pamalo panupo, mugule rauta yolowa SIM, yosatsekeredwa ku kampani imodzi, ndipo ikhale ndi malo olumikizira mlongoti wapanja. Muiike pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli nsanja, osati pansi pa tebulo kuseri kwa makina a fotokope, chifukwa malata ndi makoma a njerwa zootcha amafooketsa mafunde. Nthawi zambiri kungoisuntha kumathandiza kuposa tinyanga tinayi tija, timene pa rauta yosalowa SIM timangokhudza Wi-Fi ya m'nyumba.

Pa zinthu zimene sizisuntha, ine ndimalimbikitsa chingwe nthawi zonse. Mugule switch (kabokosi kolumikiza zipangizo zingapo ndi zingwe) ya mabowo asanu ndi atatu ndi chingwe cha Cat6, kapena Cat5e ngati ndicho chikupezeka, ndipo makompyuta anayi aja ndi printa alowe mu switch, switchyo ilowe mu rauta. Chingwe chotere chimanyamula uthenga bwinobwino mpaka mamita 100, ndiye chipinda chakuseri chili mkati mwa malire amenewo. Koma samalani pogula, chifukwa pali zingwe zotchipa zolembedwa CCA pa katoni, zimene ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Pemphani kachidutswa, musende kawaya kamodzi, mukapale ndi mpeni. Mukaona kuyera pansi pa kufiira kuja, chisiyeni, chifukwa chimathyoka msanga ndipo chimavuta pa mtunda wautali. Chingwe chopita kuseri musachipachike m'mwamba kuchoka padenga lina kufika pa linzake. Muchilowetse mu paipi ya pulasitiki ndi kuchikwirira pansi, ndipo mvula yamabingu ikayamba kuno ku Angónia muzichizula ku switch, popeza mphezi ikagunda pafupi, mphamvu yake imatha kudutsa m'chingwe n'kuotcha zipangizo mbali zonse ziwiri. Kumapeto kwake muike access point yaing'ono, kachipangizo kolandira intaneti pa chingwe n'kuiulutsa, kuti kuseriko kukhale Wi-Fi yakeyake. Kachipangizo kongolandira Wi-Fi n'kuibwereza, kotchedwa repeater, sindikukulimbikitsani, chifukwa kamalandira ndi kutumiza pa njira imodzi, motero liwiro limatsika pafupifupi ndi theka.

Mukatsegula Wi-Fi mudzaona mwina mayina awiri, lina la 2.4 GHz ndi lina la 5 GHz. Loyambalo limafika patali ndipo limadutsa makoma bwinoko, pamene lachiwirilo ndi lachangu koma la pafupi.

Vuto limene mudzakumane nalo posachedwa ndi la printa kusowa pa makompyuta pambuyo poti magetsi athima n'kuyakanso. Chifukwa chake n'chakuti chipangizo chilichonse pa netiweki chimakhala ndi nambala yake, IP address, yooneka ngati 192.168.1.20, ndipo rauta ndi imene imagawa manambalawo yokha kudzera mu dongosolo lotchedwa DHCP. Zonse zikayakanso, printa ingapatsidwe nambala ina pamene makompyuta akuifunabe pa yakale ija. Wokulumikizirani mumuuze kuti aisungire printayo nambala imodzi yosasintha mu rauta, ndipo nambalayo muilembe pa kapepala n'kumata pa printapo. Nthawi yomweyo asinthe pasiwedi yolowera mu rauta imene inabwera nayo kuchokera ku fakitale, aike chitetezo cha WPA2 kapena WPA3, ndiponso atsegule Wi-Fi yapadera ya alendo. Zimenezi ndi zofunika kwambiri pa shopu ngati yanu, pamene makompyuta amasunga zithunzi za ziphaso ndi masatifiketi a anthu, ndipo si bwino kuti foni ya aliyense wodutsa ikhale pa netiweki imodzi ndi mafayilo amenewo. Mamega anunso adzakhalitsa mukauza Windows pa kompyuta iliyonse kuti intaneti yanu ndi yowerengera, kuti isamakoke yokha mafayilo aakulu a update.

Ngakhale kuti damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, tonse tikudziwa kuti magetsi amathima, ndiye ka UPS kakang'ono ka rauta ndi switch, kabatire kopereka magetsi akathima, nkofunika kuposa rauta yodula, popeza zipangizo ziwirizi zimadya magetsi ochepa kwambiri.

Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti ozungulira kumwamba imene inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu 2023, muiganizire pokhapokha makampani atatu aja akalephera onse pa kuyeza kwanu, chifukwa imafuna ndalama zambiri poyamba, malipiro a mwezi ndi mwezi, magetsi ochulukirapo ndi malo opanda mitengo yotchinga kumwamba. Mukamaliza kuyeza, lembani pano manambala a m'mawa ndi a madzulo a kampani iliyonse, pamodzi ndi dzina ndi nambala zimene zili pa chomata cha pansi pa rauta imene muli nayo panopa, kuti tione ngati ingagwirebe ntchito.